Chiuno cha Mlonda wa Nkhalango

Malume anga anali munthu woonda ngati mpini wa khasu, ndipo kuondako n'kumene kunawapezetsa ntchito.

Kumtunda kwa nyumba zathu kunali phiri lometedwa mpala. Malume ndiwo anayamba kudzalamo mitengo, n'kumathirira ndi ndowa zaka zinayi, anthu akuwaseka. Mitengo itakula, oseka aja anapanga komiti. Anagwirizana kuti banja lililonse lizitenga mtolo umodzi wa nkhuni Loweruka, nthambi zokhazokha. Koma mtolo waukulu bwanji? Tepi yoyezera panalibe. Wapampando anayang'ana uku ndi uku, maso n'kugwera pa malume. Mlembi analemba m'buku la malamulo kuti mtolo uzifanana ndi chiuno cha mlonda wa nkhalango.

Ndiye Loweruka lililonse malume ankaima pachipata, kuzunguliza chingwe m'chiuno mwawo, kenako pamtolo. Nkhuni yosakwana m'chingwemo inkatsala. Anthu anawapatsa dzina loti a Muyezo.

Woyamba kutsegula maso anali mayi wophika buledi, amene uvuni wake unkadya nkhuni koopsa.

"A Muyezo, mwaonda bwanji inu! Talawaniko timabanzi iti," anatero.

Malume, munthu wosadziwa kukana, anadya. Mawa lake kunabwera mazira owiritsa, kenako mapeyala, mbatata, mkaka. Amayi amene kale sankawapatsa ngakhale moni anayamba kulimbirana kuwadyetsa. Malume ankabwera kunyumba akuphupha m'manja, akuti anthu a kuno asintha mtima.

Chaka chisanathe, khosi linapinda katatu, ndipo mitolo inafika poti ankanyamula anthu awiriawiri. Nthambi zinatha. Anthu anayamba kugwetsa mitengo yathunthu kuti muyezo ukwane, eti poti lamulo ndi lamulo.

Tsiku lina malume atatopa ndi chitunda anakhala pansi kuti apume, n'kuzindikira kuti akhalira chitsa cha mtengo umene anadzala okha. Analira ngati mwana, ine ndikuona, ndipo zinandiwawa.

Anapempha komiti kuti idule chingwe chimodzi chokhazikika. Koma kusintha lamulo kunkafuna mavoti, ndipo ovota anali omwe aja owadyetsa. Anakana, n'kuwapatsa phava la nthochi kuti asadandaule. Atati ndiye akusiya ntchito, wapampando anati palibe vuto, wogulitsa nyama akuifuna. Wogulitsa nyamayo anali munthu wolowa pakhomo chammbali. Malume anabweza mawu awo pomwepo.

Njira inatsala imodzi. Anayamba kukana chakudya cha aliyense, kunyumba n'kumadya ngati mwanapiye, phiri n'kumalikwera katatu pa tsiku. Chiuno chinaphwa, mitolo nayo inaphwa. Amayi aja anakwiya zedi. Wophika buledi ankauza aliyense kuti sanaonepo munthu wamwano chonchi, woonda mwadala. Ngakhale akazi awo anatopa nawo.

"Bambo, nyemba zanga zikupsa theka chifukwa cha chiuno chanucho. Tadyani!"

"Muzizinyika kaye m'madzi, mayi, sizichedwa kupsa," ankayankha malume, maso ali pambale ya akazi awo.

Anakhala ndi njala yodzifunirayo zaka khumi ndi chimodzi. Zitsa zinaphuka, phiri linabiriwiranso. Pa nthawiyo anthu a tsidya lina anali atamaliza nkhalango yawo ndipo ankaphikira mapesi ndi nsapato zakutha. Komiti yathu itaona zimenezo, manyazi anaigwira.

Malume atadwala n'kugonekedwa kuchipatala, a komiti anabwera Lachisanu ndi chingwe ndi lumo, mavoti ataponya kale. Namwino anafuna kuwathamangitsa, koma malume anadzikweza okha pabedi kuti chingwe chidutse. Mlembi anayeza kawiri, n'kudula.

A komiti atatuluka, malume anafunsa akazi awo, "Adula?"

"Adula, bambo."

"Sachisinthanso?"

"Alemba m'buku, asayina onse."

"Ndiye kandigulireni nyama yokazinga, mbale yodzaza. Ya mafuta."

Akazi awo anathamanga osavala ndi nsapato zomwe. Anabwera nayo ikadali yotentha, n'kuwadulira tinthuli ting'onoting'ono. Malume anadya tiwiri tokha, kachitatu kanakana kutsika. Anapempha kuti mbaleyo isachotsedwe, ikhale pafupi azimva fungo.