Sinditsika phiri, Abiti Yusufu

Abiti Yusufu, mkazi wanga, Allah akuwalitsireni manda. Lero m'mawa ndaona kagulugufe koyera pamwala wa kuseri kwa nkhokwe, katatambasula mapiko kudikira dzuwa m'kuzizira konseku. Mukukumbuka chaka chomwe ndinabwera pachikamwini kuno kumapiri a Katuli? Ine mwana wa kunyanja, mano ali gwegwegwe, ndinamanga kathumba kanga kuti ndibwerere ku Lungwena. Inu munaloza kagulugufe ngati komweka n'kunena kuti, "Che Bakali, aka kalibe bulangete koma sikathawa phiri. Nanga inu, ndi ndevu zonsezo?" Ndinamasula kathumbako, inu mukuseka mpaka kukhala pansi.

Tsopano sadaka ya maliro anu yatha, alongo anu akuti andisudzule ndizipita kwathu, poti mwambo umatero. Kwathu kuti? Mango awa ndinadzala ndine, michombo ya ana athu inagwera pano. Ndawauza pamaso, ndipo ndikubwereza pano aliyense amve: m'nyumba muno ndidzatuluka pa jeneza basi, chonyamulira maliro. Onyamulawo sadzatopa, chifukwa pamene mwagona inu si patali.