Tsiku Limene Amalume a Zuze Ananditcha Bwana

Ndikukumbukira tsiku limene amalume anga a Zuze ananditcha bwana. Ndinali nditangokhoza mayeso a sitandade eyiti, ndipo kunali kutatsala masabata ochepa kuti ndichoke kwathu, kumunsi kwa Chikwawa, kupita ku sekondale yogonera konko. Tsikuli limandibwerera kawirikawiri ndikamayendetsa folokilifiti yonyamulira katundu mu depoti ku Kewdale, kuno kutsidya la nyanja kumene ndimakhala tsopano, pakuti ntchito imeneyi manja amagwira okha, mutu n'kumayenda kwina.

Amalume anali mlongo wawo wa amayi, munthu wowonda, wosalankhulalankhula. Ntchito yawo inali yoperekeza alendo pa Shire. Akuluakulu a ku esiteti ya nzimbe akalandira anzawo okonda kuwedza, ankatumiza uthenga kwa a Zuze. Iwo ankapalasa bwato kupita kumtunda dzulo lake, n'kulimangirira pafupi ndi mlatho. M'mawa ankakweza mlendo n'kumatsetsereka ndi madzi tsiku lonse mpaka padooko la m'mudzi mwathu, pamene galimoto inkadikira. Alendowo ankafuna nsomba imodzi yokha, mcheni, ija ya mano ngati misomali ndi mchira wofiira. Sankawedza ndi nyongolotsi ngati ife. Ankamanga nthenga pambedza kuti zioneke ngati kansomba, n'kumaponya chingwe chachitali chimene chinkauluka kutsogolo ndi kumbuyo ngati mkwapulo wa m'busa wa ng'ombe.

Mlendo wina pobwerera kwawo anawasiyira ndodo yake yowedzera. Inali yaitali, yoonda ngati bango lanthete, yokhala ndi kagudumu kokulungira chingwe, ndipo amalume ankaisomeka kudenga itakulungidwa m'chitenje chakale. Ndiyo inkawadyetsa, chifukwa alendo ena ankabwera chimanjamanja n'kubwereka imeneyo. Ngakhale mwana wawo Tchale, msuweni wanga, sankaloledwa kuikhudza.

Tchaleyo ndiye ankandisowetsa mtendere. Ine ndinali mwana wa mabuku. Anzanga akabwera kumtsinje ndi milamba, ine ndinkabwera ndi timatemba timene amayi ankaponyera mphaka. Zotsatira za mayeso zitatuluka, Tchale anayamba kuuza aliyense kuti ku sekondale ndikanene kuti kwathu ndi kuphiri, ndisakachititse manyazi Shire. Ndinkaseka nawo, koma mawuwo ankandilowa. Sindinkafuna kuchoka kwathu ndisanaphe nsomba yoti anthu n'kuitchula.

Sindidziwa ngati amalume anamva zimenezi. Ndimangodziwa kuti masana ena anafika kwathu n'kupempha amayi nthenga za m'khosi mwa tambala wawo woyera. Amayi anavomera monyinyirika, ndipo tambalayo anayenda kwa nthawi ndithu khosi lili pamtunda, misoti ikumuyang'ana cham'mbali. Amalume anakhala pakhonde n'kumanga nthengazo pambedza ndi ulusi wofiira wa amayi, anaonjeza kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, kenaka kawaya ka mabuleki a njinga, pakuti mcheni umadula chingwe ngati lumo. Atamaliza anati mawa ali ndi mlendo, ndipo ndikawapeze tambala yemweyo akangolira.

Ndinaganiza kuti ndikawathandiza kunyamula katundu. Anandikweza pa njinga mpaka kumlatho, koma kumeneko kunalibe galimoto, kunalibenso mzungu. Amalume anayala thumba lopindapinda kutsogolo kwa bwato, pamalo pokhala alendo, analowa m'madzi mpaka m'mawondo n'kuligwira kuti lisagwedezeke.

"Kwerani, bwana."

Ndinacheuka. Kumbuyo kwanga kunali njinga yokha. Nditawayang'ana kumaso ndinapeza kuti sakuseka, ndipo ndodo ija inali m'manja mwawo, akundipatsa ndi manja awiri.

Shire wa m'mawa ali ndi fungo lakelake, la matope ndi nzimbe zowotcha. Timaphulusa takuda ta ku esiteti tinkagwa pamadzi ndi pamalaya anga. Namasupuni ankayenda nafe limodzi ngati apaulendo anzathu, ndipo mbalame zofiira zinkatuluka m'mauna a m'gombe n'kumazungulira pamwamba pathu. Tikayandikira pokhota, amalume ankagogoda m'mbali mwa bwato ndi nkhafi kuti mvuu zidziwe kuti kukubwera anthu. Ankati mvuu siida munthu, imada kudzidzimutsidwa.

Kuponya kunandivuta. Poyamba ndinakola bango, kenaka malaya anga, kenaka chipewa cha amalume. Anachivula, anachotsa mbedza mofatsa, n'kunena kuti ndayamba bwino, pakuti alendo ena amayambira khutu. Pang'ono ndi pang'ono chingwe chinayamba kumvera. Anandionetsa poponya, pamene madzi othamanga amakumana ndi odekha, ndi mmene ndingakokere chingwe ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono modukiza, kuti nthenga zizithawa ngati kansomba kamantha. Chinthu chimodzi anachibwereza kawiri, zimene kwa iwo zinali zambiri. Anati mcheni ukagunda ndisatukule ndodo ayi, ndikoke chingwe ndi dzanja mwamphamvu, chifukwa m'kamwa mwake ndi fupa lokhalokha. Ndinavomera, koma mwana aliyense wa kwathu anakulira kutukula bango n'kuponyera nsomba kumbuyo kwa mutu, ndipo dzanja silimva msanga ngati khutu.

Dzuwa linakwera popanda chotigunda. Phewa linayamba kuwawa, chingwe chinandicheka chala. Masana tinakocheza pamchenga, ndipo amalume ananditsirira madzi m'manja, anandipatsa chinangwa chowotcha ndi thobwa, iwo n'kudikira kuti ndiyambe ndine. Kwathu mwana sayamba kudya malume wake akuyang'ana. Ndinadya mwamanyazi, koma iwo ankangoyang'ana madzi, n'kumanditchula kuti inu.

Mcheni woyamba unabwera dzuwa litapendeka, ine ndikuganiza zina. Ndinangomva ngati wina wandikwatula chingwe, ndipo ndisanaganize n'komwe ndodo inali kale m'mwamba. Nsomba inadumpha yonse, yonyezimira, inapukusa mutu kamodzi, ndipo nthenga zija zinandidutsa pakhutu. Ndinakhala pansi misozi ili pafupi. Ndinkayembekeza kuti andikumbutsa zimene ananena. Anangoti mcheniwo wandiona, ndiponyenso.

Ndinaponya, ndinaponyanso, mpaka migwalangwa ya padooko lathu inaonekera. Pamenepo mtima unagwa, pakuti ulendo unali kutha. Azimayi anali kuchapa pamiyala, ndipo pakati pawo panali akazi awo a amalume. Tchale ndi anzake anali atakhala pa bwato lakale lovundikira, akudikira kuti aone chimene mwana wa mabuku wabweretsa. Kumtunda pang'ono kwa dooko kunali mtengo umene unagwera m'madzi. Amalume anapingasa bwato pamenepo n'kuliimika ndi nkhafi yokha, pamadzi amene ankafuna kutikokera kumunsi. Anangoloza ndi chibwano.

Nthenga zinagwa pafupi ndi nthambi. Ndinakoka kamodzi, kawiri, ndipo mcheni unagunda. Ulendo uno dzanja lamanzere ndilo linayankha. Chingwe chinathamanga n'kundiwotcha zala, kagudumu kanalira ngati nyenje, ndipo ndodo inapindika mpaka nsonga yake inaloza m'madzi. Mcheni unadumpha pamaso pa mudzi wonse.

Padooko panabuka phokoso. Aliyense ankadziwa kuti ndodoyo ndiyo munda wa a Zuze, ndipo aliyense ankaona mmene yapindikira. Mawu a akazi awo ndiwo anaposa onse.

"A Zuze, mulandeni mwanayo ndodo! Ikathyoka mudya nthengazo?"

Ndinatembenuka n'kuwatambasulira ndodo, ndikuwapempha kuti agwire. Anali pafupi, akanangotambasula mkono. Anayang'ana ndodo yawo, ndipo ndinaona kuti akuiona bwino lomwe. Koma manja onse awiri anakhalabe pankhafi.

"Nsomba ndi yanu, bwana. Changa ndi bwato."

Ndipo bwatolo analigwiradi. Nsomba ikathamangira kumtengo, iwo ankatikokera pakati pa mtsinje. Ikalowa pansi pathu, ankazungulitsa bwato kuti chingwe chisakhule m'mbali. Ikathawira kumunsi, ankaitsatira kuti ndodo ipumeko. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo, mitsempha itatuluka m'mikono, koma pakamwa pawo panangotuluka mawu awiriawiri, akuti tayani pang'ono, kokani tsopano. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Potsiriza mcheni unagona cham'mbali pafupi ndi bwato, ndipo apo ndi pamene anasiya nkhafi, anaugwira kumchira n'kuukulunga mutu ndi thumba lija ndinakhalira.

Unali wautali ngati mkono wanga wonse. Amalume anandiuza mwaulemu kuti alendo awo ena amaijambula nsomba n'kuibwezera m'madzi, ndiye kaya bwana wa lero akuti bwanji. Ndinayankha kuti amayi akudikira ndiwo. Apo ndi pamene anaseka koyamba tsiku lonselo.

Titakocheza, phazi langa litangoponda mchenga, ubwana unathera pomwepo. "Iwe, tenga nkhafiyi ukasiye kunyumba. Usaikoke pansi." Tchale anasuzumira m'kamwa mwa nsomba ija n'kunena kuti ndi kamwana chabe, koma ndiye anainyamula mpaka kwathu, ndipo za kuphiri sanazitchulenso. Amayi anadandaula kuti mcheni ndi minga yokhayokha, ndiponso kuti tambala wawo wavulidwa chifukwa cha nsomba yotsamwitsa ana. Komabe anatumiza chidutswa kunyumba iliyonse ya abale.

Amalume anatisiya kalekale, ndipo ndimamva kuti alendo a masiku ano amayenda pa maboti a injini. Inenso moyo unanditengera kutali, kudziko lino la eni. Zaka zimene migodi inkalipira bwino ndinkakhala kuntchito kumigodi ya kumpoto kwa dziko lino masabata angapo, kunyumba masiku owerengeka, ndipo ndikabwera ndinkamuchitira mwana wanga Yamikani chilichonse, ngati ndikulipira mlandu. Njinga ikaphwa, ndinkamata ndine. Homuweki ikavuta, cholembera chinkapezeka m'manja mwanga. Ntchito za kumigodi zitachepa ndinabwerera mtauni, ndipo Loweruka linakhalanso langa.

Chilimwe chathachi ndinabwereka kabwato kapulasitiki kwa mnzanga wa kutchalitchi, ndipo tinapita pamtsinje wa Canning, kuseri kwa mashopu a ku Cannington. Nthenga tinagula m'sitolo, zomangamanga kale, popanda tambala wovutika. Yami anakhala kutsogolo. Nsomba itagunda, ndodo inapindika ndipo iye anatembenuka, maso ali psuu, akundiuza m'Chingerezi chake cha kuno kuti nditenge ndodoyo msanga nsomba isanathawe. Dzanja langa linali litanyamuka kale. Ndinalibweza pankhafi, n'kumuyankha m'Chichewa mawu omwe aja a amalume. Chichewa samayankha, koma amamva.

Inali kansomba konga chambo, kosakwana muyeso umene malamulo a kuno amalola, ndipo tinakabwezera m'madzi. Amayi akanakhala moyo sakanamvetsa. Yami anayang'ana zala zake zofiira, kenaka anayambanso kuponya osandifunsa. Ine thukuta linali kutsika ngati ndapalasa kuchokera kumlatho, chonsecho madzi ake anali odekha ngati a m'beseni. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti chimene chinawatulutsa thukuta amalume tsiku lija chinali kupalasa.