Nsalu imene ndinayala pansi pa zitsulo za injini

Fungo la oyilo wakuda limandibwezera ku Kande, ndili kamtsikana. Tsiku lina abambo ankamasula zitsulo zogwira shafiti pamwamba pa injini ya galimoto ya abusa, kuti mutu wa injiniyo ukapalidwe ku Mzuzu.

"Yala nsalu, mchenga usalowe," anandiuza. "Zikangosinthana malo, injini yafa."

Ndinayala imene ndinaipeza pachingwe, iwo n'kumandandalika zitsulozo osayang'anitsitsa. Kenaka amayi ananong'ona kuti anyamata a chipani akubwera kudzaona makadi a umembala.

Abambo anayang'ana pansi. Inali nsalu ya chipani, ndipo oyilo anali atadetsa nkhope ya Pulezidenti.

Anakhuthulira zitsulo zonse mumchenga, nsaluyo n'kuikhalira.

"Takulandirani," anatero kwa anyamatawo, osadzuka.