Nsonga ina ya kampango

Lero popinda zovala ndapeza kampango koyera konunkhira lavenda, ndipo ndakumbukira tsiku lina ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Sukulu inali yotseka, choncho amayi ananditenga kuntchito kwawo ku Highfields, kumene ankasamalira agogo ena achiyuda oyendera wilitcheya.

Tsiku limenelo mdzukulu wa agogowo ankakwatiwa ku London, koma dokotala anali atawaletsa ulendowo. Atamva nyimbo ya ukwatiwo pafoni, agogowo anatulutsa kampango. Amayi anathamanga kuti awapukute misozi.

"Ayi, aka si kolirira," anatero agogowo m'Chingelezi. "Kwathu akwati amawanyamula m'mwamba pamipando, aliyense atagwira nsonga yake ya kampango, anthu n'kumavina mozungulira."

Amuna awo anamwalira kalekale, ndiye analoza ine.

"Gwira, mwanangu, usawakanire," amayi anandinong'oneza.

Ndinagwira. Amayi anayamba kuzunguza wilitcheya ija pabalaza, akuponda ngati chimtali, ine ndikuthamangira m'mbali. Agogo ankaimba atatsinzina, kampango katakungika pakati pathu. Kenaka anandiitana ndi dzina la malemu amuna awo. Ndinayang'ana amayi.

"Vomera," anatero akulira.

Ndinavomera, osataya nsonga yanga.