Kiyi wa Shedi ya a Gus

Amayi athu ankati achimwene anga a Gus Camenzuli anabadwa akumuyang'ana mzamba ndi diso lokayika. Ine Rita, mlongo wawo, sindinapezepo chifukwa chotsutsira. Ntchito yawo kuno ku Mackay inali yokonza maloko ndi kudula makiyi, ndipo inangowaonjezera matenda okayikawo. Ankakhalira kulowa m'nyumba zothyoledwa, n'kubwerako atatsimikiza kuti munthu aliyense ndi mbava imene sinapeze mpata. Sanakwatire, ati mkazi angafune kiyi. Ngakhale ine, amene ndimawapititsira chakudya Lamulungu lililonse, ndimagogoda ngati wotsatsa malonda.

Mnzawo anali mmodzi yekha, a Lionel, amene ankayendetsa sitima zonyamula nzimbe. Paunyamata wawo ankaimba m'maukwati ndi m'madansi a alimi. A Gus anali pa akodiyoni, a Lionel pa gitala, ndipo mawu ankatulutsa ndi Merle, mkazi wa a Lionel. Merle akayamba kuimba, amuna ankaiwala mowa patebulo. Dandaulo lake linali limodzi, lakuti a Gus amathamangitsa nyimbo ngati akuthawa galu. Zimene ankaimbazo zinajambulidwa pa makaseti, ndipo makasetiwo anakhala kwa a Gus, m'bokosi lokiya.

Atapuma pantchito, a Gus anagula kompyuta yakale n'kuiika m'shedi kuseri kwa nyumba. Anasamutsiramo ma CD awo onse, imodziimodzi, pamodzi ndi makaseti aja. Anayala mawaya mpaka kukhitchini ndi pakhonde, moti ankangodina pafoni nyimbo n'kudzaza nyumba. Chaka cha chigumula madzi anaononga ma CD ndi makaseti onse, koma kompyuta inapulumuka chifukwa inali pamwamba. Kuyambira pamenepo mawu a Merle ali mtsikana anatsala m'kompyutamo basi.

Nthawi imeneyi n'kuti Merle atagwidwa ndi matenda oiwala. Ankakhala kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo anthu ambiri sankawazindikiranso. Tsiku lina a Lionel anapempha a Gus, ine ndili pomwepo.

"Gus, undikopereko nyimbo zathu zija. Ndizikamuikira mayi uja, mwina zingamukumbutse kanthu."

"Lero iwe, mawa mdzukulu wako, mkuja zili pa intaneti anthu akuseka akodiyoni yanga. Ukafuna kumvera, khonde ndi ili."

"Merle angafike pakhonde lako, chitsiru iwe?"

"Ndiona," anatero a Gus. Tonse tinadziwa kuti akana. Ine ndinapsa mtima, ndinanyamuka osatsanzika.

Nyengo yotentha itafika, nyimbo zinayamba chibwibwi. Imaimba bwinobwino, kenaka n'kuima pakati pa liwu. Chimbale chimaoneka pafoni m'mawa, masana chasowa. Wina akanati makina akalamba, koma a Gus anati alipo akuwalowera. Anayamba ndi ana a neba, n'kusintha pasiwedi. Kenaka anakalipira a kampani ya intaneti. Kenaka inafika nthawi yanga.

"Rita, Lamulungu lija unapita kuseri kukatani?"

"Kukataya zinyalala zanu, achimwene."

"Zinyalala zimatenga nthawi yonse ija?"

Anawaza ufa pakhomo la shedi kuti aone mapazi a mbavayo. Anangopeza timapazi ta nalimata, koma sizinawatonthoze, ati mbava yochenjera imalumpha. Ndiye anatenga kompyuta ija n'kuitsekera m'kabati yachitsulo momwe kale ankasungiramo makiyi, n'kumata timabowo tonse. Izi n'kuti ndi Januwale, m'shedi ya malata momwe ngakhale galu sangagonemo masana.

"Achimwene, makinawo apuma bwanji mmenemo?"

"Makina sapuma, Rita. Amapuma ndi anthu, ndipo anthuwo ndi amene ndikuwatsekera kunja."

Safunsa anadya phula. Chibwibwi chinanyanya, ndipo chala chinatsala ndi munthu mmodzi woti chimuloze. Loweruka a Lionel anabwera akukoka boti kuti akaone misampha yawo ya nkhanu. A Gus anawachingamira pageti, osatsegula.

"Unapempha, ndinakana, pano nyimbo zikusowa. Ukundiona ngati mwana?"

A Lionel anavula chipewa, n'kuchivalanso. "Ngati zikusowa, zisamutse msanga, Gus, zisanathe." Analiza galimoto n'kumapita.

"Wamva?" anatero a Gus ponditembenukira. "Sanakane."

Komabe malangizowo anawatsata. Anagula disiki yatsopano yosungiramo nyimbo, atauza wogulitsa kuti atsegule katoni iwo akuona. Kusamutsa kunayamba bwino, kenaka kunaima, ndipo m'kabati munkamveka kugogoda kwapansipansi ngati wotchi. Atatsegula, mpweya umene unatuluka unali ngati wa mu uvuni. Fani ya kompyuta inali itaima kalekale, itatsekeka ndi fumbi ndi nalimata wouma. Anathamangira madzi oundana osungira nsomba n'kuwasanja m'mbali, ndipo disiki yakale ya m'kompyutamo inayambanso kuyenda motsimphina.

"Yambani ndi za Merle!" ndinakuwa.

Apa ndi pamene panali tsoka. Poopa mbava, nyimbo za gulu lawo anazibisa mkati mwenimweni pansi pa dzina labodza, ndipo dzinalo iwo eni linawathawa. Anatsegula apa, anatsegula apo, thukuta lili kamukamu. Asanazipeze, disiki inagogoda komaliza n'kukhala chete. Katswiri wa kusitolo anaiyesa ndipo anati yapsa ndi kutentha, palibe munthu anachotsamo kanthu. Achimwene anga anakhala pampando wa m'sitolomo manja ali lende. Mkwiyo wanga wonse unatha, ndinangowamvera chisoni.

Mawa lake anavala malaya osita n'kundipempha kuti ndiwaperekeze kwa Merle, kumene a Lionel amakhala masana onse. M'galimoto ankayeserera mawu opepesera, koma ankawakanika, poti sanawagwiritsepo ntchito. Titalowa m'nyumba ya okalambayo, tili m'kanjira kopita kuzipinda, a Gus anaima. Kwinakwake kunkalira akodiyoni, ndipo pamwamba pake panali mawu a mtsikana.

Chitseko chinali chotsegula pang'ono. Merle anali pampando, milomo ikutsatira nyimbo. A Lionel anali atamugwira dzanja, kasipika kali pawindo.

"Wakuba iwe," a Gus anatero motsitsa mawu.

"Khala pansi, ukusokoneza."

"Unalowa liti?"

"Uli kuchipatala ndi bondo lija. Sindinachotse kanthu, ndinangokopa zathu zokha. Zinazo ndi zinyalala zako."

"Loko wanga sanathyoledwe."

"Analimbana ndi loko wako ndani? Magalasi a pazenera lako amasololeka limodzilimodzi. Ndinawabwezera, ndinawapukutanso."

A Gus ananditembenukira, misozi ili mbwembwembwe. "Waona, Rita? Sindinanene ine?"

Nyimbo inafika pamene akodiyoni imatsala yokha. Merle, amene ine anali atasiya kundizindikira, anadzutsa mutu n'kuwayang'anitsitsa achimwene angawo.

"Gus," anatero, "ukuthamanga."

Sindinawaonepo akulira choncho, ngakhale pamaliro a amayi athu. Anakhala pansi mpaka nyimbo zonse zinatha.

Sabata yomweyo anawotcherera zitsulo pazenera la shedi. Kompyuta yatsopano anaiika pamalo opita mphepo, ndipo nyimbo zoyamba kulowamo zinachokera pa disiki imene a Lionel anakoperapo nyimbo zobedwa zija. Loweruka a Lionel atabwera ndi boti, a Gus anawatsegulira geti n'kuwaponyera kiyi wonyezimira, wodulidwa kumene.

"Ulendo wina uzilowera pakhomo ngati munthu," anatero. "Koma usamupereke kwa Rita."

Ine ndikugogodabe.