Galamafoni ya a Dessie Ndinaitaya Ndine

Inu owerenga, munthu amene ndinkamusamalira ndinamufooketsa ndi manja angawa, ndipo ndinachita zimenezo ndikuganiza kuti ndikumuchitira chifundo. Sindinamumenye, sindinamumane chakudya, mankhwala ake sindinaiwalepo. Ndinangochotsa chinthu chakale m'nyumba mwake n'kuikamo chatsopano. Ndikulemba kuti wina asadzachite zimene ndinachita ine.

Zinachitika ku Ireland, nthawi ija mzinda wonse wa Dublin unali pa chintchito chomanga, nyumba zikuphuka paliponse. Ife tinkakhala ku Balbriggan, ine, bambo a Tadala, ndi Tadalayo amene anali asanayambe sukulu. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo imafuna kudekha, ndipo kudekha ndili nako. M'mawa ndinkasiya mwana kwa mnzanga wa ku Chipata, n'kukwera sitima ya pamtunda kupita ku Skerries, kwa bambo ena dzina lawo a Dessie.

A Dessie kale ankakonza mainjini a maboti padoko. Akazi awo anali atamwalira. Iwo anadwala sitiroko, mwendo wamanzere ankachita kuukoka, ndipo mutu unayamba kuiwalaiwala. Mwana wawo mmodzi yekha, Orla, ankagwira ntchito kutali ku Citywest, ndiye ankabwera kumapeto kwa sabata. Chimene tonse tinkafuna chinali chakuti bambowo akhalebe m'nyumba mwawo, asapite kunyumba yosungirako okalamba. Iwonso ankaopa kumeneko kuposa imfa.

Chinthu chimene sankaiwala chinali chimbale cha woyimba wina wa nyimbo za rock, katswiri wa gitala amene anatchuka iwo ali mnyamata, ndipo nthawi imeneyo nayenso anali atachita imvi. Anali nacho pa mbale yakuda ija ya galamafoni, yolira ndi singano. Mbaleyo inali yokalikakalika. Pansi pa nyimbo pankamveka phokoso ngati chimanga chikuthetheka m'phale.

Mbale yotere imakhala ndi mbali ziwiri. Nyimbo za mbali imodzi zikatha, pamafunika munthu aitembenuze, ndipo a Dessie sankalola wina aliyense kuikhudza. Ankagwira mikono ya mpando, kudzikoka mpaka kuimirira, n'kuyenda pang'onopang'ono kuchokera pawindo kukafika pakona pomwe panali galamafoni, ine pambuyo pawo mtima uli m'mwamba. Akatembenuza, poti aimirira kale, ankapitirira kukhitchini kukamwa tiyi, kapena kuchimbudzi. Tsiku lonse linkayenda choncho. Ndikawauza kuti tiyendeko pang'ono monga ananenera a kuchipatala, ankakana. "Ndilibe kopita, mwana wanga." Koma singano ikafika kumapeto, ankadzuka okha osauzidwa.

Zimenezi ndikuziona bwino lero. Nthawi imeneyo ndinkangoona munthu wamkulu akuzunzika chifukwa cha chiwiya chakutha.

Chaka chimenecho chimbale chija chinatulukanso pa CD. Anati mawu awayeretsa, ndipo awonjezeramo nyimbo zina zimene woyimbayo anazisiya kale. Masana pawailesi anthu ankaimba foni kukangana. Wina ankati tsopano gitala akumveka ngati mwini wake wakhala nawe pabalaza. Wina ankati ayi, ng'oma azikweza kwambiri mpaka zakwirira mawu. Mayi wina anati nyimbo zowonjezerazo n'zokoma kuposa zakale, ndipo bambo amene anaimba pambuyo pake anamuyankha kuti mwini wake anazisiya akudziwa chimene akuchita. Ine ndinkamva zonsezi ndikutsuka mbale, n'kumadabwa kuti anthu akuluakulu akutaya nthawi ndi chiyani.

A Dessie anali ndi mnzawo wa paubwana, a Christy, amene anapuma pa ntchito yoyendetsa basi. Ankabwera pakati pa sabata kudzacheza. Tsiku lina analowa asanavule n'chipewa chomwe, nkhani ili kale pakamwa.

"Dessie, chinthu chatulukachi usagule. Munthu uja amusambitsa mpaka wasanduka wa kwaya ya kutchalitchi."

"Iwe makutu ako anagontha kalekale ndi injini ya basi," a Dessie anatero akuseka. "Wamva ndi chiyani?"

A Christy anatembenukira kwa ine ngati ndine woweruza mlandu. Anati chimbale chija anachikonza kuti chikhale ndi popumira pakati. Nyimbo yachisoni imene imatsiriza mbali yoyamba ikatha, m'nyumba mumakhala zii, munthu umadzuka, umapuma, kenako n'kuyamba mbali inayo ndi mtima wina. Pa CD nyimbo zangolumikizana ngati mabogi a sitima. Ndinavomera ndi mutu chifukwa cha ulemu, koma mawuwo sanandilowe.

Kunyumba nditawafotokozera bambo a Tadala, anaseka mpaka kutsamwa. "Mayi a Tadala, anzathuwa akakhuta amakangana za phokoso la singano. Ife kwathu kaseti ikatafunidwa tinkaikulunga ndi bolopeni chifukwa chosowa ina, osati chifukwa choikonda." Ndinaseka nawo, pakuti maganizo anga analinso omwewo. Ine ndinakulira m'zovala za pa kaunjika. Kwathu ukafuna kulemekeza kholo umaligulira chatsopano, cha m'pepala. Kuona bambo wamkulu akumvera mbale yokalika pamene yatsopano ili m'sitolo, ndinkaona ngati tikuwanyoza.

Ndiye tsiku lina a Dessie akupita kukatembenuza mbale ija anadzandira. Ndinawagwira asanagwe. Loweruka ndinamuuza Orla kuti galamafoni ija idzawapha bambo ake, kuli bwino awagulire CD ndi kawailesi koyatsa ndi rimoti. Orla anakayika. Anati bambo ake akhala nayo galamafoniyo kuyambira iye asanabadwe. Ine ndi amene ndinaumirira. Ndinamufunsa kuti akadzagwa ndili nawo ndekha, tidzati chiyani? Ndinamuuzanso kuti tikangoisiya pakona, sadzasiya kuipitira. Orla anavomera chifukwa ankandikhulupirira.

Nthawi imeneyo Orla ankakonzetsa khitchini ya bambo ake, ndipo panja panali chimgolo chachitsulo chotayamo zinyalala za omanga. Tsiku limene Orla anawatengera bambo ake kuchipatala kukawapima, ndinanyamula galamafoni ija pamodzi ndi mbale yake n'kukaziika mumgolomo. Ndinasesa pakona, ndinapukuta fumbi, ndinaikapo duwa. M'mawa mwake galimoto inadzatenga mgolo uja.

A Dessie atabwerako anayang'ana pakona nthawi yaitali. Ndinawayatsira CD pa kawailesi kamene Orla anagula. Anamvetsera mutu atapendeketsa, kenako anati, "Ndi yemweyo, koma amuveka suti." Nyimbo yachisoni ija itatha, ndinawaona akugwira mikono ya mpando kuti adzuke. Asanadzikoke n'komwe, nyimbo ina inali itayamba kale. Anasiya mpando, n'kutsamiranso. Inu owerenga, ine ndinasangalala. Ndinawauza kuti, "Mwaona bambo, simuvutikanso."

Kuyambira pamenepo tiyi ndinkawapititsira pampando. Chakudya pampando. CD ikatha inkayambiranso yokha, iwo n'kugona pompo, kukamwa kuli yasa. Kunja kunayamba kuzizira ndi kuda msanga, mapazi awo anayamba kutupa. Ine ndinkati ndi nyengo.

A Christy atabwera n'kupeza duwa pakona, sanandikalipire. Anakhala ndi mnzawo, anamvera nawo CD ija mpaka kumapeto, ngakhale ankadana nayo. Potuluka anaima pakhomo n'kundifunsa motsitsa mawu, "Nanga tsopano amadzuka nthawi yanji?" Ndili m'sitima madzulo amenewo m'pamene ndinayamba kuwerenga m'mutu, ndipo ndinapeza kuti tsiku lonse bambowo anaimirira popita kuchimbudzi pokha, nakonso nditachita kuwakoka.

Ndinayesa kukonza. Nyimbo yachisoni ija ikatha ndinkazimitsa kawailesi, n'kuika rimoti kutali pakona kuti akaitenge okha. Ankangondiyang'ana. "Chazima, mwana wanga, tayatsa." Kwa iwo chimenecho chinali chiwiya changa, sichinali ntchito yawo. A Christy anati abweretsa galamafoni yawo akangoigulira singano ina. Singanoyo ankachita kuitanitsa kutali, ndipo tinali tikudikirabe pamene ngozi inachitika.

Anagwa m'mawa wina pochoka pabedi, ine ndili pambali pawo. Miyendo inangopinda ngati ya mwana wakhanda, ndipo ndinalephera kuwagwira. Fupa la m'chiuno linathyoka. Adokotala anamuuza Orla kuti minofu ya m'miyendo inali itatheratu mphamvu chifukwa chokhalitsa pansi, ndipo munthu wotero sangabwererenso kukakhala yekha. Kuchoka kuchipatala anapita kunyumba ya okalamba, kumalo komwe ankakuopa kuja. Nyumba yawo inagulidwa msangamsanga, monga nyumba zinkagulidwira masiku amenewo.

Lamulungu lina masana ndinapita ndi a Christy kukawaona. A Christy ananyamula galamafoni yawo ndi mbale yawo ya chimbale chomwechija, nayonso yokalika. Anesi anatilola kuiyatsa m'chipinda. Phokoso la singano litangoyamba, nkhope ya a Dessie inamasuka, milomo n'kumatsatira mawu. Mbali yoyamba inatha. M'chipinda munakhala zii, singano ikungozungulira kumapeto. Anagwira mikono ya njinga yawo ya olumala, anadzikoka, thupi silinasunthe. Anayesanso. Kenako anasiya, n'kundiyang'ana.

"Tembenuza, mwana wanga. Ugwire m'mphepete, usakhudze pakati."

Ndinatembenuza misozi ikutsika. A Christy anapita kukaima pawindo, kutipatsa msana.

Orla sanandinenepo mawu oipa. Amati tinagwirizana tonse awiri, ndipo mwina bambo ake akanagwabe tsiku lina. Bambo a Tadala amandiuzanso zomwezo, kuti ndisamadziweruze. Mwina akunena zoona. Koma ine ndikudziwa amene anaumirira, ndipo ndikudziwa amene ananyamula galamafoni ija kupita nayo panja mwini wake kulibe.

Anthu aja ankakangana pawailesi ndinkawaseka, koma tsopano ndimawamvetsa. Aliyense ankateteza mmene wakhalira ndi nyimbozo moyo wake wonse, ndipo a Christy anandiuza zoona pamaso, ine n'kuziyesa nkhambakamwa za anthu okhuta.

Inu azimayi anzanga amene mukusamalira makolo a eni kunja kuno, ngakhale inu amene mukusunga makolo anu kumudzi, mverani. Mukaona munthu wamkulu akuumirira chinthu chakutha, musathamangire kumugulira chatsopano. Yambani mwakhala pansi n'kuona chimene chinthucho chimamuchititsa, kumene chimamupititsa, nthawi imene chimamudzutsa. Anzake amene anakula naye akamalankhula, mverani ngakhale zikumveka zopanda mutu. Ndipo musataye kanthu ka munthu iye kulibe. Si ntchito iliyonse imene tiyenera kumulanda wokalamba, ina ndi imene ikumuimiritsa. Pamene ndikulemba pano a Dessie adakali moyo, ndipo ndimapitabe kukawaona ndikapeza mpata. Koma chigwereni m'mawa uja, sanaimenso ndi miyendo yawo.