Sajeni ndi amayi a mvano

Dzulo mdzukulu wanga anaona chipsera pachidendene changa, nkufunsa amene anandiluma. Ndinamuuza kuti ndi wapolisi wamiyendo inayi.

Tili ku Chilomoni, bambo anabwera ndi galu waubweya wambiri, wakuda ndi mawanga oyera, wochokera pafamu ina ya nkhosa ku Thyolo. Anamutcha Sajeni, nkumamusakanizira mavu m'chakudya kuti aziluma akuba. Sajeni ankadya mavuwo, koma za akuba analibe nazo ntchito. Iye ankangofuna kuti chilichonse choyenda chiime pamodzi. Ife ana pamodzi ndi abakha, galuyo ankatizungulira chokwawa, maso ali tong'o, mpaka atatiunjika pakona ya bafa ponunkha sopo ndi ndere. Ine ndinkakhulupirira kuti tamangidwa ndithu, moti ndinkaulula ngakhale za shuga amene ndinanyambita.

Tsiku lina kunabwera amayi a mvano kudzapemphera. Asanakhale nkomwe, Sajeni anawakusa onse ndi mayunifolomu awo, kukawaimika pamodzi ndi ife ana ndi abakha.

"A Phiri, tauzani chigalu chanuchi kuti ife m'busa tili naye kale!" anakuwa amayi apampando.

Bambo anali pakhonde, akungoseka. Ine ndinati mpata ndi uwu, nkuliyatsa liwiro. Sajeni anandipeza ndisanafike pageti, nkundigwira chidendene kuti ndibwerere pamzere. Bambo ataona magazi, kuseka kunatha. Mawa lake anakamusiya kwa amalume ku Machinjiri, komwe anaweta mbuzi mpaka kukalamba, osalumanso munthu.

Galuyo sanali wamisala ayi. Bambo ndiwo analemba m'busa ntchito yaulonda, nkusiya ana awo kuti akhale nkhosa.